Diresi Lobiriwira la Eni Ake

Tulo tinandithawa chifukwa cha nsanza ziwiri zobiriwira. Mwana wanga ndi amene anazisolola pansi pa matiresi a mng'ono wanga, n'kumamangira chidole chake kumutu. Nditazigwira ndinadziwa kuti nsalu yotereyi sitinagulepo m'nyumba muno. Inali yolemera, yosalala, yodulidwa chatsopano.

Kwathu n'kwabwino. Amayi ndi telala, makina awo amakhala pawindo la pabalaza, ndipo tonse awiri anatiphunzitsa kugwira singano tisanadziwe kulemba. Ine sukulu ndinasiyira panjira, choncho maso onse anali pa mng'ono wangayo. Atamaliza, anapeza ntchito pamalo ochapa ndi kusita zovala za anthu. Tsiku limenelo amayi anagwada n'kuthokoza Mulungu.

Pafupi ndi kuntchito kwakeko pali saluni, ndipo TV ya m'menemo imaonetsa makanema akalekale. Azimayi a m'makanemawo amavala magolovesi ofika m'zigongono, zipewa zopendekera, ndi madiresi otambasuka m'munsi koma m'chiuno mofinyika ngati mavu. Mng'ono wanga mtima unagwera pomwepo. Anayamba kujambula nsidze, kuyenda monyang'wa, kulankhula mokoka mawu. Anyamata a mumsewu mwathu anamupatsa dzina loti Dona.

Poyamba tinkangoseka.

"A Dona, mbale zikukudikirani."

"Achemwali, azimayi a m'kanema satsuka mbale."

"Chifukwa sadya. Iwe umanyambita ndi poto yemwe."

Amayi okha sankaseka. "Mwanangu, kutchena si tchimo. Ndionetse chomwe ukufuna, ndikusokere. Koma zovala za kuntchito kwakozo uzizigwira ngati mwana wa eni ake."

"Nsalu zanuzi n'zopepuka, amayi. Sizigwa ngati zija."

Kumapeto kwa msewu kuli wojambula zithunzi, munthu wa pakamwa potsekemera. Ndi iyeyo anamuthira mafuta. "Dona, nkhope ija uli nayo kale, chikusowa n'chovala basi. Tsiku lonse umakhala pakati pa madiresi. Uvala, ndijambula, ubweza. Kodi diresi limalankhula?"

Dona anayamba ndi mpango. Kenako chipewa, kenako jekete. Ine ndinkaona chikwama chake chikubwera chotupa Loweruka, Lolemba n'kubwerera. Nditamufunsa anati, "Inu za fasho mungazidziwire kuti, mwana kumsana?"

"Sindizidziwa. Koma mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."

Anangotembenuza maso ngati mmene amachitira a m'kanema aja.

Choncho madzulo a tsiku limene ndinapeza nsanza, ndinamudikira pakhomo la kukhitchini n'kuziyala patebulo. Anakhala pansi, n'kuulula zonse. Mayi ena achikulire anabweretsa kuntchito kwake diresi lobiriwira lakalekale, lomwe malemu amuna awo anawagulira. Ankafuna alivale pa ukwati wa mdzukulu wawo. Linali ndendende la m'kanema, koma eni akewo ndi a thupi. Dona atalivala, wojambula anaseka.

"Ukuoneka ngati thumba la makala. Chiuno chili kuti?"

Dona anayesa mapini, nsalu n'kumatukumuka kumsana. Ndiye Lamlungu ife tili kutchalitchi, anatenga sizasi ya amayi, n'kudula uku ndi uku, n'kusoka pa makina. Chithunzi chinakongola, wojambula n'kuchipachika pawindo lake. Diresi linabwerera pahang'ala ngati palibe chachitika.

"Akudzalitenga mawa masana," anatero akulira. "Achemwali, ndithawa. Kapena ndinene kuti lafinyika pochapa. Wojambula akuti ndinene choncho."

"Nanga chithunzi chili pawindo chija?"

"Wakana kuchotsa. Akuti chikumuitanira makasitomala."

Nditagona ndinkangoona mayi aja akulimbana ndi zipi m'mawa wa ukwati, akudzida okha kuti anenepa. Ndinkaonanso mng'ono wanga, mwana amene ankangofuna kuoneka bwino, akusanduka wabodza pamwamba pa kuba. Ntchito inali itapita kale. Chimene chinatsala n'chakuti adzayendabe mumsewu uno ataweramutsa mutu kapena ayi.

Kutacha ndinauza amayi. Anayang'ana nsanza zija nthawi yaitali, kenako sizasi yawo. "Zibwereramo," anatero, "koma chipsera chidzaoneka."

Ndinabereka mwana, n'kugwira Dona padzanja. Kuntchito kwake abwana anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumuuza kuti avule epuloni asadzabwerenso. Anatipatsa diresi, n'kutilozera kwa eni ake.

Mayi aja tinawapeza akuthirira maluwa. Dona anagwada pa simenti yonyowa, n'kunena yekha ndi pakamwa pake. Iwo analitambasula diresilo, n'kulowetsa dzanja m'chiuno mofinyikamo.

"Tsiku limene anandigulira, chiuno changa chinali chomwechi," anatero. "Ndakhala ndikulikulitsa pang'onopang'ono, mwana aliyense ndi msoko wake. Iwe wadula zonsezo tsiku limodzi. Mwana iwe, ukanandipempha ndikanakubwereka. Ndikanakuphunzitsanso mayendedwe ake, osati kudzikhotetsa ukuchitaku."

Dona analira ngati khanda. Kupolisi sanatitengere. Anangoti diresi libwere lisanafike tsiku la ukwati, ndipo wosoka akhale yemwe anadulayo, amayi akumuyang'anira.

Atsikana anzanga, kusirira chovala si mlandu, koma cha mwini n'cha mwini. Amene akukuuzani kuti "ungobwereka" sadzagwada nanu pa simenti, ndipo chimene sizasi yadula, ulusi subisa.

Ndinamusiya Dona pabalaza akusula misoko yake mmodzimmodzi, nsidze zosajambula. Ine ndinamangitsa mwana kumsana n'kupita kumapeto kwa msewu. Wojambula anandilandira ndi mano onse panja.

"Achemwali a Dona! Nanunso tikujambuleni?"

Ndinalowa, ndinatsitsa chithunzi chija pawindo, n'kutuluka nacho.