Mchere M'dzenje la Njerwa

Ku Naisi kuno aliyense ankadziwa kuti pamaso pa mayi Rahema satchula za sadaka. Ukangoyerekeza, tiyi wako unkamusiya wosatha.

Mwana wawo Alaudin anapita kukagulitsa kaunjika pa chilumba cha Mozambiki, kunyanja yamchere. Namondwe atawomba kumeneko, foni yake inangoti zii. Dzinja linatha, lina n'kubweranso. Mlongo wawo, a Bashiru, anachonderera mpaka malovu kuuma kuti aphike sadaka, mwana apumule. Yankho linali lomwelo: "Wamoyo samuphikira sadaka. Ndionetseni manda."

Chilumbacho anali asanachipondepo, koma ankachidziwa ngati khitchini yawo. Ulendo womaliza umene anabwera, Alaudin anawayendetsa pabwalo ponse, paja anali wolongolola mwana ameneyu. Kanjira kochokera kumsewu wa ku Liwonde anati ndi mlatho wautali wolowera pachilumba. Nyumba yawo ya malata anati ndi tauni ya miyala imene anamanga Apwitikizi, nkhokwe n'kukhala linga lawo la kunsonga. Kenako anakaima pa dzenje limene anaumbamo njerwa.

"Apa ndiye pa Makuti, amayi, pokhala ife amphawi. Miyala ya nyumba za azungu ankakumba apa, malo n'kutsala otsika. Ukaima pamsewu, madenga athu umawaonera pansi."

"Nanga madzi akadzaza?"

Iye anangoseka. "Timathawira kumtunda, basi."

Tsono linafika tsiku lina mu Okutobala, kotentha koti nkhuku kukamwa yasa. Ataswali swala yomaliza, pemphero la usiku, mayi Rahema anayala mkeka pakhonde. Kunabwera kamphepo kozizira, konunkha ngati nsomba zamchere zimene Alaudin ankawabweretsera. Agalu a kwa aneba anangoti chete.

Kenako mayi Rahema anamva madzi. Khavu. Khavu.

Sunali mtsinje wa Domasi ayi. Uli kutali, ndipo mwezi umenewo umangokwawa m'miyala. Phokosoli linkachokera kudzenje kuja.

Anadzuka. Mantha anali nawo, tisaname, koma anapita.

M'dzenjemo munali mutaima munthu, madzi akumulekeza m'chifuwa. Nkhope sinkaoneka. Koma phewa lakumanzere lotsika lija, la kusenza mabelo, mayi wobereka sangalisokoneze.

"Amayi." Mawu ake anali otopa. "Mlatho sindikuuona."

"Tuluka, mwanangu. Wafika kwanu."

"Ndayesa. Ndikati ndizipita, wina akumandikoka malaya."

Mtima wawo unawira. "Ndani ameneyo? Tamutchula, aone chimene chinameta nkhanga mpala."

Madzi anakwera, anamufika m'khosi. Mayi Rahema anagwada m'mphepete, natambasula dzanja mumdimawo, nagwira nsalu yonyowa. Anaigwiritsitsa ndi mphamvu zonse.

"Ndi momwemo mumandigwirira," anatero Alaudin, chapansipansi. "Kwakhalatu nthawi, amayi. Ndazizidwa."

Mayi uja analira kulira kumene anakukana miyezi yonse ija.

M'bandakucha a Bashiru akuchokera kumzikiti anawapeza atakhala pamphepete pa dzenjelo. Linali louma gwa, dothi long'ambikang'ambika, mopanda ndi dontho lomwe. Koma chitenje chawo chinali chonyowa, mikono itayera mbee mpaka m'zigongono. A Bashiru anapalako ndi chala n'kulawa. Mchere.

"Achemwali, mwagona pano?"

Dzanja lamanja la mayi Rahema linali lofumbata, ndipo analifunyulula okha, chala chimodzichimodzi. Munalibe kanthu. Analiyang'ana nthawi yaitali.

Mpaka lero anthu amanong'onezana pamjigo. Ena amati unali misozi chabe, paja misozi ndi yamchere. Ena amafunsa kuti ndi misozi yanji imene imasiya mchenga woyera pansi pa dzenje la katondo. Ine sindiweruza. Chimene ndikudziwa ndi chimene mayi Rahema ananena ataimirira.

"Achimwene, kaitaneni ashehe. Mpunga uli kuseri kwa chitseko."

Thumba la mpunga limenelo palibe amene ankaloledwa kuligwira. Ankalisungira tsiku lodzabwera Alaudin.