Mbusa Wosowa pa Nyanja ya Chilwa

Bwato linapezeka Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, litakodwa m'mabango pafupi ndi doko la Nalikuku. Munalibe munthu. Munali nsapato imodzi ndi magazi ouma.

Elenala atangoiona nsapatoyo anaizindikira. Inali ya mwamuna wake, Mbusa Jafeti Nankhonya.

Munali mu Julaye, 1956. Jafeti anali atapambana mayeso a mishoni ya Namilonde oti akapitirize maphunziro a Baibulo ku Skotlandi: zaka zitatu za Chihebri, Chigiriki ndi zaumulungu. Malo anali amodzi okha. Loweruka anayenera kukwera sitima ku Limbe. Lamulungu anawolokera ku chilumba cha Chisi kukatsazika akhristu, ndipo anati abwera Lolemba. Sanabwere.

Woyamba kufika kudzapepesa anali Mbusa Saulos Nampeya, mnzake wa Jafeti kuyambira kusukulu ya ubusa.

"Alamu, limbani mtima," anatero. "Mvuu za nyanja ino mukuzidziwa."

"Mtembo sunapezeke, abusa."

"Nthawi zina supezeka."

Elenala anamuyang'ana. Saulos anawerama.

Sajeni Bakali wa polisi anafika panjinga kuchokera ku Zomba 2 koloko masana. Analizungulira bwato kawiri, akupapasa m'mbali mwake.

"Mvuu ikagunda bwato imasiya mano," anatero. "Ili lilibe ngakhale kachipsera. Ankapalasa ndani?"

"Makisoni, msodzi wa pano," anayankha Elenala. "Nayenso sakuoneka."

"Amuna anu akalephera ulendo wa ku Skotlandi uja, apita ndani?"

"Amene anakhala wachiwiri pamayeso."

"Ndiye ndani?"

"Abusa a Nampeya."

Sajeni anamupeza Saulos akusesa m'tchalitchi. Saulos anati Lolemba lonse anali ku Songani, kwa telala. Anayankha mosadodoma, ndipo anapempha kuti apemphere limodzi. Sajeni anakana.

Lachitatu m'mawa Sajeni anali pakhonde la sitolo ku Songani, pomwe Che Rashidi ankasokera.

"Zoona bwana, analipo," anatero telalayo. "Anabwera kudzatenga chikhoti chawo."

"Chikhoti chanji?"

"Chachikulu, chaubweya, chofika m'mawondo. Ndinawafunsa kuti chimenechi muvala kuti kuno? Anati akupita kudziko lozizira."

"Anadzayeza liti?"

"Papita masabata atatu."

Sajeni anatseka kabuku kake. Masabata atatu apitawo Jafeti anali wamoyo, ndipo aliyense ankadziwa kuti wopita kunja ndi iyeyo.

Koma chikhoti si mboni. Ankafunika Makisoni.

Amene anamupeza ndi Elenala. Masana omwewo, akudutsa kuseri kwa nyumba ya mlongo wake wa Makisoni, anamva munthu akutsokomola m'nkhokwe ya mpunga. Chifuwacho ankachidziwa. Sanaime, sanacheuke. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pokhota njira, kenako anathamanga kukauza Sajeni.

Sajeni anamutulutsa Makisoni ali mbuu ndi mankhusu.

"Abusa ali kuti?" anafunsa Sajeni.

"Mvuu, bwana."

"Mvuu inadya abusa n'kukusiya iwe m'nkhokwe? Wopha munthu amamupachika ku Zomba. Ukudziwa?"

Makisoni anagwa chogwada. "Sindinaphe! A Nampeya anati ndiwamize, adzandipatsa njinga yawo popita. Ndinawamenya ndi nkhafi m'mutu. Koma atagwa anayamba kunditchula dzina, akundipempherera. Manja anandiuma. Ndinawamanga, n'kuwasiya pachimbowera."

Zimbowera ndi tizisakasa ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama. Chimene ankanena Makisoni chinali chakale, chosiyidwa.

"Madzi unawasiyira?" anafunsa Elenala.

Makisoni anapukusa mutu.

Ananyamuka 3 koloko, Makisoni akupalasa, Sajeni ali kumbuyo kwake. Elenala anakana kutsala. Mphepo inali itakula. Analowa m'tinjira ta m'mabango momwe munthu saona kutsogolo kapena kumbuyo. Kawiri konse Makisoni anasokera. Penapake mvuu inapuma pafupi kwambiri, bwato n'kugwedezeka. Elenala anagwira m'mbali mwa bwato mpaka zala kuchita dzanzi.

"Bambo a Lucy!" anaitana mwamuna wake.

Zii.

"Bambo a Lucy!"

Anachiona chimbowera chitapendekeka, theka lili m'madzi. Pamtunda pang'ono pa udzuwo panagona ng'ona. Itamva nkhafi inatsetserekera m'madzi mwakachetechete.

Jafeti anali m'katimo, atamangiriridwa kumzati, madzi akumufika m'chiuno. Nkhope inali yotupa ndi udzudzu, milomo yong'aluka. Maso anali otseka. Sajeni anamukhudza pakhosi kuti amve ngati mtima ukugunda.

"Akupuma," anatero.

Lachinayi m'mawa lole ya mishoni inaima pabwalo la Namilonde. Akuluakulu a mpingo anali atagwirizana kuti malowo asapite pachabe, choncho Saulos apite. Akhristu anasonkhana, nyimbo ikuimbidwa motsika chifukwa cha maliro omwe ankawaganizira. Saulos anali atayamba mawu otsazika.

"Abale, sindinafune kuti zikhale chonchi. Mbale wathu Jafeti..."

Anthu akumbuyo anayamba kupatuka. Amayi ena anakuwa. Amuna anayi analowa pabwalo atanyamula machila, Elenala ali pambali.

Jafeti anadzutsa mutu.

Saulos anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda lole. Anafuna kuthawira kuseri, koma Sajeni Bakali anali kale pomwepo.

"Saulos Nampeya, ndakumanga pamlandu wofuna kupha munthu."

"Ndinawerenga zaka zisanu!" anakuwa Saulos, unyolo ukulowa m'manja. "Anandiposa ndi malikisi awiri okha! Awiri!"

Sajeni anamutenga n'kuchoka naye.

Mlandu unazengedwa ku Zomba mu Sepitembala. Makisoni anapatsidwa zaka zinayi, Saulos zisanu ndi zinayi. A mishoni analembera kusukulu ija, ndipo anavomera kumudikira Jafeti mpaka Januwale.

Potuluka m'khoti, Saulos anapempha apolisi kuti aime pang'ono. Jafeti anali pakhonde, atatsamira ndodo, chifukwa miyendo inali isanalimbe.

"Achimwene," anatero Saulos, "ndikhululukireni."

Akuluakulu a mpingo anasendera pafupi. Onse ankadziwa chimene mbusa amayankha.

Jafeti anamuyang'ana.

"Ndikudziwa chimene ndiyenera kunena, Saulos," anatero. "Ndachiphunzitsa anthu zaka khumi. Koma ndikangotsinzina ndimamvabe madzi aja akukwera. Lero ndikanena, ndinama."

Anatembenuka. Elenala anamugwira mkono, natsika naye masitepe imodziimodzi.