Chitedze cha M'khwawa la kwa Mpama

Mtembo anaupeza Lachinayi nthawi ili 6:25 m'mawa, m'khwawa la kuseri kwa bwalo la sukulu ina ya pulayimale kwa Mpama. Unagona chafufumimba pamiyala, wezulo idakali m'khosi. Anali a Geoffrey Mathero, kochi wa Liwiro la M'mawa, timu ya othamanga yochokera ku Limbe.

A Ellina Namaona, ofufuza milandu a ku Boma, anafika 7:10. Mayi amenewa, abale inu, si ocheza nawo. Zaka makumi awiri ali pantchito, ndipo anthu amati akakuyang'ana kawiri umayamba kuulula ndi za nkhuku imene unaba uli Sitandade 3. Anaima pamwamba pa khwawa n'kuona njira ziwiri. Ina inali yakumunsi, yozungulira, kumene amayi amadzera pokachapa. Ina inali kanjira kachidule kochokera pabwalo, koma kotsekeka ndi chitedze chokhwima bwino, poti unali mwezi wa Julaye.

"A Sajeni Aubrey, uko musadzereko," anauza mnzawo wapantchito. "Mukanda mpaka Khirisimasi."

Malemuwo anali ndi bala kunkhongo, ndipo mwala wamagazi unali pomwepo. M'thumba mwawo munali kabotolo ka mapiritsi oyera, kopanda dzina.

Timuyo inali ya anthu khumi ndi awiri, osawerengera dalaivala. Inkayenda paminibasi yoyera boma ndi boma, mphasa zapulasitiki zitamangidwa pamwamba. Masana ankathamanga mosinthana: wina akatopa akwera, wina atsika, galimoto ikutsata pambuyo pang'onopang'ono. M'mawa ankachita yoga, masewera aja opinda thupi ngati ulibe mafupa. Amayi a kwa Mpama anali atagwirizana kale pachitsime kuti umenewu ndi mpingo watsopano.

Pakhonde la kalasi panakhala mtsikana, malaya ake ali magazi okhaokha. Anali Subira Amidu wa ku Namitambo, wazaka 17, waliwiro kuposa onse. Ndiye anapeza mtembo, ndiye yekha mwa othamanga sanali pa yoga, komanso dzulo lake anthu anamva akochi akumukalipira. Anzake anali atamutalikira ngati ali ndi mphere. Loweruka kunali mpikisano ku Blantyre wosankha atsikana awiri oti akaphunzire sukulu kwinaku akuphunzitsidwa kuthamanga. Subira anaukonzekera zaka ziwiri. Tsopano m'malo mwa mpikisano, chimene chinkamudikira chinali chitolokosi ndi mlandu wakupha.

Sukulu inali itatsekera, ndiye a Ellina anasandutsa kalasi ya Sitandade 8 ofesi yawo. Woyamba kulowa, 8:05, anali dalaivala, a Alufeyo. 

"Akuti munakangana ndi malemu ku Thyolo."

"Inali nkhani ya wailesi, mayi. Iwo ankafuna nyimbo zothamangira, ine zauzimu. Munthu angaphe mnzake chifukwa cha kwaya?"

"5:45 munali kuti?"

"Pagolosale, ndimamwa tiyi. Ndinakhoma kaye nsapato m'galimoto."

"Nsapato?"

"Yoga amachita opanda nsapato. Ku Thyolo anatibera mapeyala atatu, ndiye tsopano aliyense akavula amaponya m'galimoto, ine n'kukhoma. Ndimatsegula 6:15."

A Aubrey anapita kugolosale. Mwini wake anati n'zoona, bamboyo anamwa makapu awiri ndipo anadandaula za shuga. Nkhani ya a Alufeyo inathera pomwepo.

Kenako analowa mphunzitsi wa yoga, a Tracy Kalua, amene onse ankawatchula kuti Anti Tracy. Mayi wa m'tauni weniweni, zikhadabo zopenta, wosadziwa kusiyana kwa nandolo ndi kalongonda. Ndiwo ankasamalanso zakudya za timu. Anavala buluku lalitali ndi masokosi, ndipo mawu awo anali osasa.

"Pepani, chimfine," anatero. "Kuyambira 5:45 mpaka 6:05 tinali pa gawo lomaliza. Onse amagona chagada, maso otseka, ine ndikuwalankhula. Funsani aliyense. Za Subira sindikufuna kunena zambiri, koma mwanayu ali ndi mtima wapachala."

Ankalankhula phazi lina likukhula linzake pansi pa desiki. A Ellina anaona zimenezi.

Othamanga asanu ndi atatu ananena zofanana: Anti Tracy ankalankhula nthawi yonseyo, sanasiye ndi kamodzi komwe.

Subira analowa 9:40, maso atatupa.

"Khala apa, mwanawe. Pa yoga sunalipo chifukwa chiyani?"

"Akochi anati sabata ino ndizithamanga ndekha m'mawa, kukwera cha kuphiri n'kubwerera. Pobwera ndinadzera kumunsi kuti ndisukusule. Ndiye ndinawaona. Ndinawadzutsa, ndimaganiza angokomoka."

"Bwanji sunadzere kachidule pokaitana anzako?"

Subira anawayang'ana modabwa. "M'chitedze muja? Ndine wamisala?"

"Nanga dzulo amakukalipiranji?"

"Anapeza kabotolo m'chikwama changa. Anti Tracy anatipatsa ife atsikana atatu, akuti ndi mavitamini, tisauze munthu. Ine sindinamwe ngakhale limodzi. Amayi anandiuza kuti mankhwala opanda dzina si a munthu. Akochi atawerenga n'kupeza kuti onse alipo, anandipepesa. Koma zopepesazo palibe anamva, anthu anangomva zokalipa."

A Ellina anamukhulupirira. Koma kukhulupirira si umboni, ndipo anthu asanu ndi atatu anali atamva mawu a Anti Tracy pabwalo. Anatsala mmodzi woti afunsidwe, Thandie, mtsikana wolongolola amene anzake amati ngakhale ali m'tulo pakamwa sipapuma.

"Ine, mayi, yoga imandisangalatsa pogona pokha paja," anayamba asanafunsidwe. "Dzulo sindinamve kukoma, Anti amangotsokomola, mawu ngati chule. Koma lero, eee! Mawu osalala ngati a pawailesi, kanyimbo kakulira pansipansi pa sipika yawo ija. Ndinati Mulungu wawachiritsa. Ndiye titadzuka, ndikumva ayambanso kusasa. Chimfine chinachi n'chaulemu, chimadikira anthu amalize yoga."

A Ellina anaika cholembera pansi.

"Maso unatsegulako?"

"Ayi! Ukatsegula amakuthamangitsa kuzungulira bwalo kasanu."

A Ellina anaitana a Aubrey. "Pepani achimwene, kanjira kaja mukalowamo ndithu. Mangani miyendo ndi masaka. Mukafune mapazi."

Anabwerako 11:30 ndi zithunzi, akukanda khosi. M'fumbi la m'kanjirako munali mapazi opanda nsapato, aang'ono, opita ndi obwerera. Njira yakumunsi inali ndi zidindo za nsapato za Subira ndi za akochi basi.

Nthawi ili 2:15 masana, a Tracy anakhala m'chipinda chofunsira mafunso ku polisi. Kunkatentha, koma masokosi anali chivalire. Foni yawo inali patebulo, pafupi ndi kabotolo kaja.

"Tavulani masokosiwo, mayi."

"Ndikumva kuzizira."

"Thukuta lonseli? Vulani."

Miyendo inali yofiira, yotupa, yokandikakandika mpaka m'mawondo.

"Ndi udzudzu," anatero a Tracy.

"Udzudzu wa mu Julaye? Chimenecho ndi chitedze. Mwana aliyense wa kuno amachidziwa asanadziwe kulemba dzina lake. Pabwalo palibe, kumunsi kulibe, chili m'kanjira kamodzi kokha. Ndipo munathira madzi, eti? Mukanafunsa, tikanakuuzani kuti mukhule ndi dothi louma."

A Ellina anawakankhira foni ija.

"Tsegulani foniyi."

Munali mawu ojambulidwa, aatali mphindi makumi awiri, ojambulidwa mwezi watha, otsegulidwa komaliza 5:45 m'mawa womwewo. A Ellina anadina. Chipinda chonse chinadzaza ndi mawu osalala: "Tsekani maso. Pumani pang'onopang'ono. Lolani thupi lipumule."

A Tracy anagwira kumaso n'kuyamba kulira.

"Sindinapite kukawapha. Ndinapita kukawapempha."

"Yambani poyambira."

"Mapiritsiwo ndi oletsedwa pamasewera. Ndinkafuna ana athu apambane Loweruka. Zaka zisanu ndikuyenda ndi timuyi, anthu akundiseka kuti ntchito yanga ndi kugoneka ana pamphasa. Ndinati akapambana, onse adzati ndi yoga ya Tracy. A Mathero atapeza kabotolo anatumiza chithunzi kwa mnzawo wodziwa zamankhwala. Madzulo anandiuza kuti lero tikamadya chakudya cham'mawa aulula kwa timu yonse, kenako kwa akuluakulu a masewera. Ndinawapempha kuti tikumane kukhwawa ana ali chitsekere maso, poti sindinkafuna wina atione. Nsapato zinali zokhomedwa, nthawi inali yochepa, ndiye ndinadzera kachidule."

"Anakuyankhani chiyani?"

"Anati, 'Tracy, ana awa makolo awo anatipatsa ali bwinobwino. Mtima wa mwana ukaima panjira, udzawauza chiyani?' Ndinagwada. Iwo anatembenuka kuti azipita. Mwala unali pomwepo." Anapukuta mphuno. "Ndinabwerera, n'kukhala pamphasa yanga, mawu aja atatsala pang'ono kutha."

"Ndipo munali okonzeka kuti Subira akafere kundende m'malo mwanu."

 A Tracy ankangokanda.

Subira, amene anali atasungidwa ku polisi, anatuluka 4 koloko. Panja anapeza minibasi yoyera ija, timu yonse itaima chamanyazi. Thandie ndiye anayamba kumukumbatira, akulira kwinaku akufotokoza kuti iye ankadziwa kuyambira kale, zimene zinali bodza lenileni. Atsikana awiri amene anamwa mapiritsi aja anapita nawo kuchipatala, ndipo anapezeka ali bwino, kungoti mpikisano wa chaka chino unawadutsa.

A Mathero anaikidwa Lachisanu. Subira anati sathamanga. Koma akazi a malemuwo anamugwira dzanja pamanda pomwepo. "Akochi ako aja amadzuka 4 koloko chifukwa cha iwe. Ukapanda kupita, ndiye kuti amadzukira chabe."

Loweruka a Alufeyo anayendetsa galimoto mpaka ku Blantyre, ndipo anaika okha nyimbo zothamangira zija, palibe anawapempha. A Ellina anati akupita ku Limbe kukagula nsalu, koma anthu anawaona pamzere womalizira, chikwama chili m'khwapa. Pokhota komaliza Subira anali wachinayi. Anadutsa mmodzi. Atatsala mamita makumi atatu anadutsa wina, n'kulowa wachiwiri.

Akuti mayi woopsa uja, amene anthu amamuthawa pamsika wa pa Boma, analumpha n'kuimba nthungululu mpaka nsapato imodzi inavuka. A Aubrey, amene anali pambali pawo, sanathe kuwomba m'manja. Manja onse awiri anali kukhosi, akukandabe.