Tepi Yokana Kulemba Usiku

Lolemba m'mawa tepi inatuluka m'makina ilibe kanthu. Makinawo ntchito yake inali imodzi, kukopera mafailo onse a kampani pa tepi usiku uliwonse, kuti kompyuta yaikulu ikadzafa zinthu zisatayike. Koma pa sikirini panangolembedwa kuti pulogalamu yokopera ilibe chilolezo chowagwiritsa ntchito.

Mtsikana amene anali atangopatsidwa chipinda cha makinawo, yemwe anzake ankamunyodola kuti Digiri, anabwezeretsa chilolezocho, kuyesa masana, zonse bwinobwino. Lachiwiri tepi mbee. Lachitatu chimodzimodzi. Anafufuza ngati wina analowa m'kompyuta usiku, sanapeze ndi dzina limodzi lomwe.

Manong'onong'o sanachedwe. Mlonda ankalumbira kuti amamva kupuma kwa munthu m'khonde koma mapazi osawamva. A Nthambo, amene anasamala makinawo zaka khumi ndi zinayi asanawakankhire kokonza maprinta, ankangomwetulira. Nsanje inkawadya, ndipo sankaibisa.

"Kwa ine sanavutepo, mwanawe," ankatero.

Bwana anamuuza Digiri mosapita m'mbali kuti tepi ya Lachisanu ikatuluka yopanda kanthu, atule pansi makiyi.

Lachinayi usiku Digiri anabisala kuseri kwa kabati. M'chipindamo munali zii, mdima bii, kupatula kanyali kobiriwira kophethira pamakina. Itadutsa 1 koloko, chitseko chinalira pang'onopang'ono. Chinthu chachitali chinalowa mwakachetechete, nsapato zili m'manja. Chinagwada, n'kuzula chingwe cha makina, n'kuchilumikizanso. Kenako chinayamba kuwasisita.

"Usamumvere," chinanong'ona. "Ndakulera ndine."

Digiri anayatsa tochi ya foni. Anali a Nthambo.

"Bambo, ndinaganiza kale za chingwecho," anatero Digiri motsitsa mawu. "Mukachizula, kompyuta imawatenga makinawa ngati achilendo, chilolezo n'kufufutika. Madzulo ano ndaika lamulo loti chizibwerera chokha."

A Nthambo sanathawe, sanamuyang'ane n'komwe. Anakhalabe chogwada mpaka 2 koloko, nthawi yokopera, itakwana, makina anadzuka, tepi n'kuyamba kuzungulira, ikulemba bwinobwino. Bamboyo anatsamiritsa khutu pachitsulo chozizira, namvetsera nthawi yaitali. Atalankhula, sanalankhule ndi mtsikanayo.

"Nawenso wandikana?"