Tepi ya a Saulosi ya ku Joni

Pa Embangweni ponse, makina a matepi a mawilo awiri anali kwa a NyaJere okha. Enafe tinafika Fomu Folo, zinthu tinazionapo, koma makina aja ndinawavulira chipewa. Anatumiza ndi amuna awo, a Saulosi, ali ku Joni, pamodzi ndi tepi imodzi ndi kabuku ka malangizo kachizungu. Iwo sanabwerenso. Anafera komweko, maliro osaoneka.

Pa tepipo a Saulosi ankafunsa za ng'ombe, za denga, za mvula. Kumapeto ankapempha kuti mayiwo ajambule yankho atumize. A NyaJere sanayankhe. Ankati munthu wofuna yankho abwere yekha adzaodire pakhomo. Ndiponso kabuku kaja kankanena poyera kuti ukadina batani lofiira, mawu akale amafufutika. Mawu a amuna awo anali okhawo.

Tsiku lina m'chisanu cha Juni, dzuwa litangolowa, anatseka mawindo n'kuyika tepi ija monga mwa masiku onse. Ng'ombe. Denga. Mvula. Tepi inatha, kansonga kake kakumenya phaphapha.

Magetsi anazima.

Mawilo sanayime.

Anamva kupuma kwa munthu wotopa ndi ulendo. Kenako nsapato pa miyala, miyala yake ya pabwalo pawo pomwe. Galu wa a Leah oyandikana nawo anauwa panja, ndipo anamvekanso m'makinamo.

"Odi, a NyaJere."

Mawuwo anachokera m'makina. Anali okalamba, osati a pa tepi aja.

A NyaJere anayang'ana kuchitseko. Zii. Anati odini, koma mawu anangobwereza odi, ngati sanamve. Apa anadziwa kumene yankho linkafunika. Akadina, tepi yapita. Akapanda kudina, munthu agona panja.

Anabweza tepi ndi chala mumdimamo mpaka poyambira. Anadina lofiira.

"Odini, a Saulosi. Njirani m'nyumba. Mwachedwa chomene."

Chitseko chinalira pang'ono.

M'mawa a Leah anapeza a NyaJere akusesa, akuyimba. Pakhonde panali makapu awiri a tiyi, onse omwedwa. A Leah anayesa tepi ija magetsi atayaka: munalibe ng'ombe, munalibe mvula, mawu a mayiwo okha akulandira mlendo.

Anthu amanong'ona kuti mayi uja wadzifufutira yekha mwamuna, mutu wasokonekera. A NyaJere makinawo anawafunditsa nsalu, sawayatsanso. Ukawafunsa ngati sasowa mawu aja, amakuyang'ana ngati mwana.

"Ndimverenji tepi, mwini wake alipo?"