Milomo pa Thewera

Madzulo amenewo Khamphan, mimba ili patsogolo, ankaanula zovala kunsi kwa nyumba yawo yapamitengo pamene anapeza nsalu yake itapakidwa zinthu. Atanunkhiza, anasanza mpunga wonse wa masana. Panali magazi, ndowe ndi mafuta achikasu ngati a nkhuku, ndipo pakati pake panadindika milomo ya munthu.

"Bambo a kuno, tabwerani mudzaone chitukuko chanu chija!"

Mwamuna wake, Thongbai, ankabwereketsa njinga. Ndiye amene anayendayenda m'mizere ya minda ya mpunga kufunira alendo a m'tauni njira yopalasamo, aja ovala timakabudula tothina ngati achule. Koma pofika m'malire a mudzi matayala ankangophulika, choncho mkuluyu anatenga chikwanje n'kulikha minga yonse yozungulira mudziwo. Nzeru zimenezo! Ngati kuti makolo anaidzalira maluwa. Mingayo inkatsekereza krasue, mfiti imene imasiya thupi pamphasa n'kuuluka mutu wokha, matumbo ali lendelende. Ikadya, imapukutira pakamwa pa zovala za eni.

Nkhuku zinayamba kupezeka zitadyedwa zam'kati. Njati yoweta ya a Bunlert, anansi awo, itabereka, nsengwa yake inasowa, kenako kamwana kake kanapezeka m'njira ya njinga ija, pamimba pali chibowo, ntchentche zili ng'waa. Zishalo za njinga zinkacha zili nandenande ngati padutsa nkhono. Alendo ankapalasa atatseka mphuno.

Mwana atabadwa, amayi ake a Thongbai, a Sida, anasamukira m'nyumbamo kudzathandiza mpongozi wawo, yemwe ankagona pafupi ndi moto monga achitira mayi wongobereka. Sipanapite nthawi, thewera la khandalo linapezeka ndi milomo ija.

"Iwe katswiri wa njinga, yafika pa mwana tsopano," anatero a Bunlert, akulavula.

"Nditani, achimwene?"

"Wiritsa theweralo. Mwini milomo apsa komwe aliko, ndipo timudziwa."

Thongbai anasonkha moto kunsi kwa nyumba, dzuwa lili pamutu, n'kuterekapo mphika wa theweralo. Madzi atayamba kubwata, fungo linatuluka loti ngakhale agalu anathawa. Kenako pamwamba pake penipeni, kuseri kwa matabwa, wina anakuwa.

"Thongbai, mwanawe, phula mphikawo!"

Anali mawu a amayi ake.

"Usaphule!" anatero a Bunlert. "Sonkhezera!"

"Phulani, bambo inu!" analira Khamphan. "Mwana ali m'manja mwawo!"

Thongbai anakankha mphikawo ndi phazi, n'kukwera makwerero akukwawa. Anapeza a Sida atakhala pamphasa, milomo ili matuzamatuza, khungu likusendeka, madzi achikasu akudonthera pa mchombo wa khandalo. Amayi akewo sanamuyang'ane n'komwe. Anaweramira mdzukulu wawo, n'kumununkhiza pamimba nthawi yaitali.

"Khala pomwepo, usandidzidzimutse," anatero chapansipansi. "Taona mmene wanenepera."