Nyumba Yopanda Odi

Malume anga a Gerishon sanali munthu wothira mchere pankhani, ndiye akamati izi anaziona ndi maso awo, ine sinditsutsa. Iwo anali mmisiri wa njerwa pomwe kunkamangidwa sukulu yophunzitsa kujambula mapulani a nyumba, chakufupi ndi Ligowe, m'zaka za m'ma 1970.

Amene anajambula pulani yake anali a Alufeyo, bambo wofatsa wochokera ku Blantyre, amene anabwera ndi akazi awo ndi kamwana kamodzi, Jessie. Bamboyo ankadana ndi mageti. Masiku amenewo pageti pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani, ndiye atajambula nyumba yopanda mpanda, anthu anamva chimene ankanena ngakhale sanachitchule. Pakati pa nyumbayo anasiya mpata waukulu wofolera, wotseguka uku ndi uku, wokhala ndi mabenchi a simenti, kuti kanjira kakale ka pamalopo kazidutsabe momwemo.

"Muno mulibe odi," anatero tsiku lotsegulira. "Aliyense azingolowa."

Anthu anaomba m'manja, koma ena anayang'ana pansi. Kanjirako kankathera kumanda, m'nkhalango ya kuseri. Nanga akanayankhula ndani, akuluakulu a boma ali pompo?

Chiperoni chitayamba, zinthu zinasintha. M'mawa wa nkhungu mumpatamo munkamveka mapazi ambiri osavala nsapato. Munkanunkha dothi lokumbidwa kumene. Mabenchi ankapezeka ofunda popanda wokhalapo. Agalu analeka kudutsamo.

Banja la a Alufeyo linkakhala m'chipinda china cha sukuluyo. Jessie anayamba kugwada patsogolo pa mabenchi opanda anthuwo, n'kumapereka moni. Tsiku lina malume anamuona akuyenda mumpatamo, dzanja lili m'mwamba ngati wina waligwira.

"Ukupita kuti, iwe?"

"Ndikuperekeza alendo."

Tsiku lililonse ankawaperekeza patali pang'ono kuposa dzulo lake. Makolo ake ankamutsekera m'chipinda, koma ankapezeka panja. A Alufeyo anaonda ndi mantha. M'mawa wina, nkhungu itaphimba mpaka mitengo ya pabwalo, anawagwira malume pamkono.

"A Gerishon, tsekani mbali ya kumandayo," ananong'ona. "Lero lomwe, chonde."

Anamanga mothamanga, a Alufeyo akupatsira okha njerwa. Iwo ankati mwana ali kuchipinda ndi mayi ake. Mayi ake ankati ali ndi bambo ake.

Njerwa yomaliza italowa, kunangoti zii. Ngakhale madontho a padenga analeka. Kenako kuseri kwa khomalo kunamveka kamawu.

"Odi."

Kamawuko kanabwereza.

"Odi, ababa."

Anathamanga kuzungulira nyumba. Kunalibe munthu. Timapazi ta m'matope tinachokera kunkhalango, n'kuthera pakhoma pomwepo. Khomalo analigumula ndi manja, simenti isanaume. Mudzi wonse unasakasaka m'nkhalango muja masiku ambiri, mpaka kumtsinje, koma osapeza ngakhale kansalu.

Boma litafuna kuwasamutsa, a Alufeyo anakana. Ine nkhaniyi imandiwawa ikafika apa. Malume ankawapeza m'mawa wa nkhungu atakhala pabenchi, jekete litanyowa, mpata uli wotseguka uku ndi uku monga anaujambulira. Kamawu kaja kankamvekabe, kuchokera pomwe panali khoma.

"Lowa, mwanangu," ankatero bamboyo. "Ndatsegula."

Kankakhala chete pang'ono, ngati kakumvetsera. Kenako kankayambiranso.

"Odi."